Nambala 38, Mulunguzi

Ntchito yanga ndi kumvera nyumba zikupuma.
Ndimalowa sikisi madzulo, ndimaweruka kukayera,
m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala.
Pa kompyuta pali timadontho tobiriwira makumi asanu,
kadontho kamodzi, nyumba imodzi.
Ola lililonse nyumba imaimba lamya n'kunena: ndilipo.
Ine ndimalemba nthawi.

Lachitatu lina mu Januwale mvula inatsika m'phiri
ngati yodzatolera ngongole.
Itangokwana leveni, kadontho ka nambala 38
sikanafiire ayi.
Kanangoti zii.

Kufiira ndimakudziwa:
ndimagwedeza Che Wadi, galimoto imalira, basi.
Koma chete alibe nkhope.
Mwina bulugama wagwera chingwe.
Mwina anyamata a mkuwa ayeza mikono yawo
yoti akaike pa sikelo mawa.
Mwina wina wadula dala,
waima kuseri kwa mpanda, akuwerenga mphindi
monga momwe ndikuwerengera ine.

M'nyumbamo mumakhala a Kalitera,
aphunzitsi opuma, iwo ndi wailesi yawo.
Mwana wawo ali ku Joni;
alamu ndiye kalata imene amalemba mwezi ndi mwezi.
Ndinaimba lamya ya m'nyumba: tuu, tuu.
Ya m'manja amathimitsa ikakwana eyiti
kuti batire lisathe.

Che Wadi anabwerako matope mpaka m'mawondo.
Akuti nkhalamba ili mtulo, zitseko zili bwino,
kabokosi pakhoma kakuphethira mokhulupirika,
kakuimbabe, kakuimbabe,
pa waya wothera m'ngalande.
Usiku wonse nyumba ikuti ndilipo
ndipo akumva ndi achule.

Belu likanalira, inde, mbala ikanalowa.
Koma ndani amamva belu la mnzake
mvula ikumenya malata?

Loweruka Fanuwelo anapita ndi chikwama chake chong'ambika zipi.
Anaika simukhadi m'kabokosi,
kanthu kochepa ngati chikhadabo,
ndi batire lolemera ngati njerwa la pamene magetsi athima.
Anati, mlatho ukakokoloka, bambo,
munthu amafunika adziwe pooloka pena.
A Kalitera anavula magalasi:
Ndiye kuti nalo khomali liyamba kudya mayunitsi?
Anaseka, kenaka anafunsa mtengo kawiri,
n'kuulemba kuseri kwa kalendala ya mpingo.

Tsopano tiyese, Fanuwelo anandiuza pa foni.
Anazula chingwe ndi dzanja lake.
Kadontho kanazilala.
Ndinagwira mpweya ngati wowoloka Likangala atadzaza:
khumi,
makumi awiri,
makumi atatu ndi zisanu,
n'kubwera kobiriwira,
kadzera mumlengalenga, pamwamba pa mikungudza,
ndi mawu ena atsopano:
ndilipo, koma chingwe changa chaduka.

Sindinena kuti mtima unagona.
Nsanja ya netiweki nayo imamwa dizilo,
nkhungu ikakuta phiri, mawu amayenda motsimphina.
Tsiku lothera mayunitsi a nambala 38
ndinalilemba ndi choko pakhoma pafupi ndi ketulo,
poti iwalani zonse, koma osati ilo.

Yanga nyumba ili ku Sadzi, ilibe kadontho.
Chitseko timachirikiza ndi mpini wa khasu.
Mumagona Ndaziona, wa Fomu 2, ndi mng'ono wake,
foni pansi pa pilo.
Wani koloko ikakwana amandifulasha,
kulira kumodzi, osayankha, sitiwononga ndalama.
Ndilipo.

Usiku wa mvula uja sanafulashe.
Ndinakhala ndi timadontho ta eni,
maso pa kompyuta, khutu m'thumba,
mpaka folo koloko pamene foni inanjenjemera kamodzi.
Anali atangogona, akuti.

Mawa ndikagula kafoni kena ka mabatani
ndi simukhadi ya kampani ina ija.
Ndikapatsa mayi a nyumba yoyandikana,
amene tulo tawo n'tochepa ngati tanga.